Uzimba wa m'kalasi: ana akuphunzira kusaka mawu

Chaka chatha, titamaliza kutonola chimanga, tinagula matumba a PICS aja osafuna mankhwala. Maso athu anayamba kale kutopa, ndiye tinaitana mdzukulu wathu wa Sitandade 5 kuti atiwerengere malangizo. Mwanayo anawerenga ngati wapawailesi, osadodoma olo pamodzi. Atamaliza tinamufunsa kuti, "Ndiye iwe, tiyambe kumanga liti?" Anayang'ana pepala, kenako anayang'ana ife. "Agogo, zimenezo sanalembe."

Anali atalemba. Thumbali lili ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Umafinya mpweya, n'kuyamba kumanga lamkati, lililonse palokha. Ukaphonya pamenepo mpweya umalowa, anankafumbwe n'kudya thukuta lako lonse. Mwanayo mawu anawatchula onse, koma sanaone kuti zolembedwazo ndi ndondomeko, chinthu chotsatana ndi chinzake.

Tinakadandaula kwa aphunzitsi ake. Iwo anatiitana kuti tidzaone masewera ena amene anayamba kuchita ndi ana, omwe eni akewo amawatcha uzimba.

Tisanafike pa masewerawo, timve kaye chimene chikusakidwa. Msodzi aliyense amadziwa kuti matchera, chilimila ndi mono zonse n'zophera nsomba, koma kapangidwe kake n'kosiyana, ndipo sungaziponye mofanana. Zolembedwa nazonso zili choncho. Aphunzitsiwo anazigawa m'mitundu isanu.

Pali zofotokoza chinthu: chambo ndi nsomba yotani, ndipo yaikazi imasunga bwanji mazira m'kamwa. Pali ndondomeko: lima mizere yotalikirana masentimita 75, dzala mbewu imodzi pa phando masentimita 25 aliwonse, kenako thira feteleza wokulitsa. Pali choyambitsa ndi zotsatira zake: khoka lamaso ang'onoang'ono likakokolola ana a nsomba, chaka chamawa nyanja imauma. Pali kusiyanitsa zinthu ziwiri: usipa woyanika pamchenga ndi woyanika pathandala. Ndiye pali vuto ndi njira yolithetsera.

Mtundu uliwonse umasiya mapazi ake, monga nyama padothi. Ndondomeko imasiya "poyamba", "kenako", "pomaliza", kapena manambala otsatana. Choyambitsa chimasiya "chifukwa", "choncho", "n'chifukwa chake". Kusiyanitsa kumasiya "pomwe", "kusiyana ndi", "mofanana ndi". Vuto limasiya "pofuna kuthana ndi". Mlenje wodziwa sayamba waona nyama, amayamba waona phazi.

Tsiku la uzimbalo tinapeza mapepala khumi ndi awiri atamatidwa pakhoma, pachitseko, ena pamtengo wamango panja, lililonse ndi nambala yake. Sanali ochokera m'mabuku a sukulu ayi. Panali paketi ya Thanzi, chidziwitso cha komiti ya kudoko chokhudza kutseka kwa nyanja, kapepala ka alangizi a zaulimi, ndi nkhani zodulidwa m'nyuzipepala zakale. Malangizo a pabotolo la mankhwala a mbewu aphunzitsi anachita kuwakopera pamanja, botololo silinalowe m'kalasi.

Ana anagawidwa m'magulu a asanuasanu. Gulu lililonse linalandira pepala lojambulidwa makola asanu, khola limodzi mtundu umodzi. Ntchito yawo inali kuzungulira, kuwerenga, n'kulemba nambala ya pepala m'khola loyenera. Koma lamulo lalikulu linali ili: pambali pa nambalayo alembe mawu enieni amene awatsimikizira. Wobwera ndi nambala yokha, wopanda phazi, sanaphe kanthu.

Paketi ya Thanzi siinavute. Onse anaona kuti ndi ndondomeko: lita imodzi ya madzi abwino, thira ufa wonse, takasa, mwetsa. Mkangano unabuka pa chidziwitso cha kudoko. Gulu lina linati n'choyambitsa ndi zotsatira, poti munali mawu akuti "chifukwa nsomba zikuswana". Lina linati ndi vuto ndi njira yake, poti nsomba zikuchepa ndipo kutseka nyanja ndiye mankhwala ake. Mpaka kutuluka thukuta, ana akuloza mzere ndi chala, kubwereza kuwerenga katatu popanda wowatuma.

Ife tinkayembekeza kuti aphunzitsi agamula msanga. Iwo anangofunsa kuti, "Amene analemba ankafuna kuti inu muchite chiyani?" Ana anakhala phee. Kenako kamtsikana kena kanati, "Amafuna tisiye kupha." Apo onse anaona kuti "chifukwa" uja ankangothandizira, koma msana wa chidziwitsocho unali vuto ndi njira yake. Magulu onse awiri analandira malikisi, poti onse anabwera ndi umboni.

Pamenepa ndi pamene pagona phindu la masewerawa, komanso msampha wake. Mwana waulesi angazolowere kumangothamangira mawu amodzi, akaona "koma" basi wati n'kusiyanitsa. Chonsecho "koma" amapezeka paliponse. Phazi limodzi silikwana, uyenera kulitsata mpaka uone kumene lalowera. N'chifukwa chake nthawi yokambirana pamapeto ndi yofunika kuposa kuthamanga kuja, ndipo aphunzitsi asamaidule ngakhale belu lili pafupi.

Tikudziwa kuti makalasi athu ndi odzaza, mabuku ndi ochepa, ndipo ana ambiri kuno kunyumba amalankhula Chiyawo, Chichewa cholembedwa amakumana nacho kusukulu. Masewerawa amathandiza ndithu pamenepo. Safuna ndalama. Kalasi ikachepa mumatulukira panja. Mwana wowerenga movutikira amakhala m'gulu ndi anzake, iye n'kumasaka liwu limodzi lokha, mawa awiri. Timawu tating'onoting'ono timeneti, "pomwe", "choncho", "pokhapokha", ndi timene mwana wophunzira chilankhulo chachiwiri amatidumpha, chonsecho ndi mfundo zimene zagwira ukonde wonse.

Tisaganize kuti izi n'zamayeso okha. Mwana ameneyu ndi amene mawa adzatiwerengere kuchuluka kwa mankhwala othira m'madzi, masiku odikira tisanathyole tomato wopopera, kusiyana kwa feteleza wokulitsa ndi wobereketsa, ngakhalenso pepala la ngongole ya injini ya boti. Pa zinthu zimenezi kutchula mawu bwino sikupulumutsa munthu. Chopulumutsa n'kudziwa chimene chikuyamba, chimene chikutsatira, ndi chimene chichitike ukalakwitsa.

Makolo anzathu, mbali yathu ilipo, ngakhale ife amene sukulu sitinapite nayo patali. Mapepala a alangizi, a kuchipatala ndi a kudoko tisamakulungire usipa. Tiziwasunga, ena tizipatsa aphunzitsi. Madzulo mwana akatiwerengera, tisamangoti wakhoza. Timufunse mafunso atatu: pepalali likufuna tichite chiyani? Choyamba n'chiti? Wadziwira mawu ati? Funso lachitatulo ndiye lofunika kwambiri, ndipo silifuna kuti ife tidziwe kuwerenga.

Chaka chino tatulutsanso matumba aja. Mdzukulu yemwe uja anatenga pepala, n'kuyendetsa chala asanatsegule pakamwa. Kenako anati, "Agogo, dikirani kaye, musathire chimanga. Apa akuti poyamba tione ngati pulasitiki sinabooke." Tinaipenda bwinobwino. Imodzi inali ndi kabowo pakona, ntchito ya khoswe.