Madzi saiwala khwawa: zomwe Ibrahima Sylla angaphunzitse ojambula nyimbo ku Chitipa

Amene angaime pamsika wa pa Boma la Chitipa n'kutchera khutu amamva mayiko angapo nthawi imodzi. M'golosale mukulira bongo flava ya ku Tanzania, pamalo obenera nyimbo pakumveka rumba ya ku Congo, wakabaza akudutsa ndi nyimbo ya Chibemba, ndipo chapatali achinyamata akugwedeza mapewa ndi amapiano a ku South Africa. N'zosadabwitsa m'boma lomwe lachita malire ndi Tanzania komanso Zambia, momwe anthu amayankhula Chilambya, Chisukwa, Chindali, Chinyiha, Chitumbuka ndi zinenero zina. Chodabwitsa n'chakuti m'phokoso lonseli ng'oma za konkuno sizimveka kawirikawiri m'masipika. Magule monga mwinoghe ndi sendemule amatuluka pa zikondwerero kapena kukabwera alendo olemekezeka, kenako ng'oma zimabwerera kukapachikidwa. Ovina alipo, oomba ng'oma alipo. Amene akusowa ndi munthu wa ntchito yomwe ambiri sitiiona, pulodyusa, ndipo mbiri ya pulodyusa wina wa ku Senegal ikuonetsa zomwe munthu wotere angachitire magule a ku Chitipa.

Kukhala ndi kompyuta yojambulira sikupangitsa munthu kukhala pulodyusa. Pulodyusa ndi amene amasankha woimba woyenera nyimboyo, zoimbira zoti zitsogole ndi zoti zitsalire kumbuyo, komanso anthu omwe nyimboyo ikupita kukawavinitsa. Ibrahima Sylla, yemwe anakulira ku Dakar n'kumwalira ku Paris mu December 2013, sankadziwika ngati woimba kapena wagitala, koma zimbale zambiri zomwe zinagwedeza Africa m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 zinadutsa m'manja mwake, makamaka kudzera ku kampani yake ya Syllart. Ali mnyamata ankakonda kusonkhanitsa zimbale za ku Cuba. Anagwira ntchito ndi Orchestra Baobab ya kwawo komanso oimba a ku Congo monga Pepe Kallé ndi Sam Mangwana. Mu 1987 anatulutsa Soro, chimbale cha Salif Keita wa ku Mali, momwe kaimbidwe kakale ka kwawo kwa Keita kanakwera pamwamba pa makiyibodi a m'situdiyo za ku Paris, ndipo chimbale chimenechi ndicho chinamutchukitsa kunja kwa Africa. Kenako anachita zomwe ena akanati n'kutaya ndalama. Iye ndi Boncana Maïga, katswiri wa ku Mali yemwe anaphunzira nyimbo ku Cuba, anatenga oimba atatu a ku Senegal, Pape Seck, Medoune Diallo ndi Nicolas Menheim, n'kupita nawo ku New York kukajambula ndi akatswiri a salsa. Gululo linatchedwa Africando, ndipo chimbale chake choyamba, Trovador, chinatuluka mu 1993. Nyimbo zambiri zinali m'Chiwolofu, komabe anthu oyankhula Chisipanishi kumeneko anazivina ngati zawo.

Anazivina chifukwa zinalidi zawo, monga momwe zinalilinso za anthu a ku Dakar. Nzeru ya Sylla inagona pamenepa: anakumanitsa abale omwe nyanja inawalekanitsa. Kwa zaka mazanamazana, anthu ogwidwa ukapolo ku Congo, ku Angola ndi kumadzulo kwa Africa ankatumizidwa ku Cuba, komwe ukapolo unatha mu 1886. Anapita chimanjamanja, koma kagundidwe ka ng'oma kanali m'mitu mwawo. Kumeneko kanakumana ndi gitala ndi chinenero cha ku Spain, n'kubala nyimbo zotchedwa son, zomwe msana wake ndi clave: timitengo tiwiri togundana kasanu, katatu kenako kawiri, mobwerezabwereza. Kuyambira mu 1933 kampani ya His Master's Voice inayamba kugulitsa mu Africa zimbale za ku Cuba zodziwika ndi zilembo GV. Zitafika ku Léopoldville, komwe lero ndi Kinshasa, makutu a anthu anazindikira zawo. Paja madzi saiwala khwawa. Joseph Kabasele anayambitsa African Jazz mu 1953, Franco Luambo ndi anzake anayambitsa OK Jazz mu 1956, ndipo zomwe ku Cuba zinkaimbidwa ndi piyano ndi malipenga iwo anazisamutsira pa gitala, mawu n'kukhala a Chilingala. Umo ndi momwe inabadwira rumba ya ku Congo, yomwe bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2021.

Ulendowo sunathere ku Kinshasa. Ku Morogoro, m'dziko la Tanzania, Salum Abdallah anatcha gulu lake Cuban Marimba Band, ndipo kwathu kuno ku Chileka, Daniel Kachamba ankaimba pa gitala kagundidwe komwe kankatchedwa lumba, pambali pa kwela ndi sinjonjo. Choncho gogo wa kwa Kameme kapena ku Nthalire yemwe anavina rumba ali mnyamata anaponda mapazi a ku Cuba mosadziwa. Njirayo ikadali yotsegula mpaka lero. Rayvanny, yemwe kwawo ndi ku Mbeya, mzinda womwe uli pafupi ndi Chitipa kuposa Lilongwe, anatulutsa nyimbo ya Tetema mu 2019, biti yake atakonza pulodyusa S2kizzy. Mu 2021 Maluma wa ku Colombia, mmodzi mwa akatswiri a reggaeton, anaimba naye Mama Tetema m'Chiswahili ndi Chisipanishi, ndipo awiriwa anakaonekera limodzi pa mwambo wa MTV Europe Music Awards ku Budapest. Mnyamata wa kutsidya kwa mtsinje wa Songwe anafika kumeneko atakwera pa biti yomwe khutu la ku Colombia linatha kuilandira.

Nanga Chitipa ali ndi chiyani choti aike pamsika woterewu? Ali ndi mwinoghe, gule wa Asukwa, Andali ndi Abandya, yemwe UNESCO inamulemba pa mndandanda womwe uja mu 2018, zaka zitatu rumba ya ku Congo isanalembedwe. M'Chisukwa dzinali limatanthauza kuti tisangalale. Amuna amandanda mzere wawo, akazi wawonso, moyang'anizana, n'kumapotokola thupi ndi kuponda mwaluso. Mulibe kuimba. Zomveka ndi ng'oma zitatu, wenzulo ndi mawu a mtsogoleri wolamula kavinidwe. Kwa pulodyusa wa khutu, umenewu ndi munda wogalauza kale wongodikira mbewu, chifukwa nyimbo zovina za masiku ano, kaya amapiano, afrobeats kapena reggaeton, zimayamba ndi biti, mawu n'kubwera pambuyo. Mwinoghe wasiya malo a woimba, a besi ndi a gitala ya rumba. Ngakhale mfuu ya mtsogoleri ili ndi mnzake ku Kinshasa, atalaku, munthu uja amakuwa potsogolera ovina nyimbo ikafika pa sebene, chigawo chovinitsa cha rumba. Chovuta n'kusankha chotsogola. Pulodyusa waulesi amatenga biti yopezeka kale pa intaneti n'kuwazapo kang'oma ka kumudzi ngati mchere. Wa mtundu wa Sylla amayamba wajambula ng'oma zitatuzo, iliyonse payokha, n'kumvetsa momwe zimayankhirana, kenako n'kulamula kompyuta kuti izitsatira ng'omazo.

Akuluakulu ena anganene kuti kuphatikiza mwinoghe ndi zoimbira zamagetsi n'kupha chikhalidwe. Nkhawa yawo ili ndi pogwira, pakuti gule akachoka pabwalo n'kulowa m'foni, mizere iwiri ija ndi fumbi la mapazi zimatsalira. Koma mbiri ya gule yemweyu ikuwayankha. Mwinoghe si wamakedzana. Anachokera ku indingala, gule wamwambo wa ku Karonga, ndipo anthu a ku Chitipa anamusandutsa wachisangalalo. Mapenenga, omwe lero timawanyadira ngati athu enieni, anabadwa potsanzira perete wa asilikali a m'nthawi ya atsamunda, yunifolomu ndi malipenga omwe. Gule amene wasiya kubwereka ndi kubwereketsa ndiye ali pangozi, chifukwa ana amayamba kumuona ngati wa pa tsiku la alendo basi. Malire alipo ndithu. Sendemule wa Alambya ali ndi mbiri ya maliro a mafumu ndi kulonga ufumu, ndipo pulodyusa wanzeru sangamutenge asanakhale pansi ndi eni ake, akamukaniza, amve. Sylla naye ankadziwa kuti zamakono si mankhwala a nthenda zonse. Nyimbo za ku Congo zitathamanga kwambiri ndi ndombolo, anasonkhanitsa akuluakulu monga Nyboma, Wuta Mayi ndi Papa Noël m'gulu la Kékélé kuti aimbenso rumba yofatsa ndi magitala osalumikiza ku magetsi.

Funso lachiwiri ndi lolemera kuposa loyambalo: nyimbo ikagunda, adya ndani? Africa ili ndi chipsera pankhaniyi. Solomon Linda wa ku South Africa anajambula Mbube mu 1939, nyimboyo inapindulitsa makampani akunja ndalama zankhaninkhani, koma mwini wake anamwalira ali mmphawi mu 1962, ndipo ana ake anayamba kulandira gawo loyenera mu 2006 atachita kukasuma. Woomba ng'oma wa ku Misuku ali ndi chifukwa chokayikira mlendo wobwera ndi maikolofoni. Komabe kubisa ng'oma sikungamudyetse. Chomuteteza ndi dzina lake kulembedwa pa nyimboyo, malipiro a tsiku lojambula, ndi pangano lolembedwa la gawo lake nyimbo ikamagulidwa kapena kuseweredwa pa wailesi. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limakhudzanso nyimbo ndi magule a makolo, ndipo bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, lilipo kuti lizitolera ndalama za eni luso. Chitsanzo cha mgwirizano wabwino tili nacho. Esau Mwamwaya atakumana ku London ndi mapulodyusa Johan Hugo wa ku Sweden ndi Etienne Tron wa ku France, anapanga gulu la The Very Best, ndipo chimbale chawo cha 2009, Warm Heart of Africa, chinafikitsa Chichewa kwa anthu omwe sankadziwa komwe Malawi ali. Mwamwaya anali nkhope ya gululo, dzina lake lili poyera.

Otsutsa achitatu ndi a masamu. Chitipa anali ndi anthu pafupifupi 235,000 pa kalembera wa 2018, ogawikana m'zinenero zambiri. Ndani angagule nyimbo ya m'Chisukwa? Funsoli likuiwala kuti Amalawi takhala tikuvina Chilingala zaka zonsezi osamva liwu ndi limodzi lomwe. Likuiwala Chiwolofu cha Africando ku New York, Chitumbuka cha Wambali Mkandawire chomwe chinalemekezedwa ku South Africa ndi chimbale cha Zani Muwone cha 2002, komanso Linny Hoo ya Giddes Chalamanda, yomwe itaimbidwanso ndi Patience Namadingo mu 2020 inafalikira pa TikTok m'mayiko omwe sadziwa Chichewa. Likuiwalanso kuti Andali ali kutsidya kwa Songwe ku Ileje, ndipo Alambya ndi Anyiha akupezeka ku Tanzania ndi ku Zambia, kotero msika woyamba wa nyimbo ya ku Chitipa ndi wa mayiko atatu isanafike n'komwe ku Mzuzu. Zipangizo nazo zatsika mtengo: laputopu, maikolofoni abwino ndi sola n'zokwanira kujambula ng'oma pabwalo pomwe zimalirira.

Chomwe sichigulidwa m'sitolo ndi chimene Sylla anali nacho asanalowe m'situdiyo iliyonse, zaka zomvetsera. Anadziwa nyimbo za ku Cuba mpaka kuzindikira pomwe mawu a Chiwolofu angakhale bwino, ndipo anadziwa oimba a kwawo mpaka kusankha atatu oyenera ulendo wa ku New York. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Chitipa amene akuphunzira kukonza mabiti ali kale ndi theka la maphunziro amenewa, pakuti rumba, bongo flava ndi amapiano wakula nazo pamsika. Theka linalo lili kwa oomba ng'oma a ku Misuku, ndipo iwo amaphunzitsa yekhayo amene wakwera phiri, wakhala pansi, n'kufunsa kuti mwa ng'oma zitatuzi, imayamba kuyankhula ndi iti.