Bhakti: Njira ya Chikondi m'Chipembedzo cha Ahindu

Masiku ano munthu akamva mawu akuti yoga, msanga aganiza za masewera olimbitsa thupi, opinda miyendo ndi kugwira mpweya. Koma kwa Ahindu a ku India, kumene mawuwa anachokera, tanthauzo lake nlozama koposa pamenepo. Mawuwa ndi a Chisanskrit, chinenero chakale cha mabuku awo opatulika, ndipo tsinde lake linena za kumanga m'goli, monga mlimi amangira ng'ombe ziwiri kuti zikoke pamodzi. Tsono yoga ndiyo njira iliyonse imene munthu adzilanga nayo kuti mzimu wake ulumikizane ndi Mulungu, ndi kumasuka ku kubadwanso kosatha. Pakuti Ahindu akhulupirira kuti munthu akafa abadwanso m'thupi lina molingana ndi ntchito zake.

Aphunzitsi awo atchula njira zitatu zazikulu. Yoyamba ndiyo karma yoga, njira ya ntchito, kuti munthu achite udindo wake wosayang'anira mphotho. Yachiwiri ndiyo jnana yoga, njira ya nzeru ndi kusinkhasinkha. Yachitatu, imene tifuna kulongosola pano, ndiyo bhakti yoga, njira ya chikondi. Mawu akuti bhakti achokera ku tsinde lotanthauza kugawana kapena kukhala ndi gawo. Kotero wotsata njirayi afuna kukhala ndi gawo mwa Mulungu wake, monga mwana ali nalo gawo m'nyumba ya atate wake.

Njira zitatuzi zifotokozedwa m'buku la Bhagavad Gita, limene lili ndi mitu 18 ndi ndime 700, ndipo ndilo gawo la ndakatulo yaikulu yotchedwa Mahabharata. M'menemo msilikali Arjuna akambirana ndi Krishna nkhondo isanayambe. Pa mutu 12 Arjuna afunsa ngati nkwabwino kupembedza Mulungu wokhala ndi dzina ndi maonekedwe, kapena kulingalira za Iye amene saoneka ndipo saneneka. Yankho nlakuti njira zonse ziwiri zifikitsa munthu, koma yachiwiriyo njovuta kwa anthu okhala m'thupi. Apa mpamene pagona mphamvu ya bhakti. Nzeru zakuya zifuna sukulu ndi nthawi, nsembe zazikulu zifuna chuma ndi wansembe. Koma kukonda ndiye angathe aliyense, mlimi, mayi wa pamtondo, ngakhale wosadziwa kuwerenga.

Tisaganize kuti chikondichi ndi kutengeka mtima chabe, kopanda mwambo. Buku lina, Bhagavata Purana, litchula machitidwe 9: kumvetsera mbiri ya Mulungu, kuimba dzina lake, kumkumbukira, kutumikira pa mapazi ake, kupereka maluwa ndi zina pamaso pa chifaniziro chake, kumgwadira, kudziyesa kapolo wake, kudziyesa bwenzi lake, ndipo potsiriza kudzipereka kwathunthu. Ambiri abwereza dzina la Mulungu powerenga mikanda 108 ya pa chingwe, ndipo ena asonkhana madzulo kuimba molandizana, ng'oma ndi tizitsulo zikulira. Wopembedza asankha dzina limene mtima wake ukonda, kaya Vishnu, Krishna, Rama, Shiva, kaya Devi, amene amuyesa Mayi. Akhozanso kusankha ubale: wina aona Mulungu ngati mbuye, wina ngati mnzake, wina ngati wokondedwa, ndipo wina amlera Krishna ngati khanda lake.

Kwa ife ophunzira za zinenero za anthu, mbiri ya njirayi ili ndi phunziro lapadera. Kale mabuku opatulika anali m'Chisanskrit, chimene anachidziwa makamaka Abrahmana, gulu la ansembe. Akazi ambiri ndi anthu a magulu onyozeka sanaloledwe kuphunzira mabuku a Veda. Koma kuyambira zaka za m'ma 500 kufikira za m'ma 800, kumwera kwa India kunabuka alakatuli oyendayenda, amene anaimba m'Chitamil, chinenero cha kumudzi ndi kumsika. Opembedza Vishnu atchedwa Alvar, ndipo anali 12, mwa iwo mkazi mmodzi dzina lake Andal. Opembedza Shiva atchedwa Nayanar, ndipo awerengedwa 63. Nyimbo za Alvar, ndime ngati 4,000, anazisonkhanitsa Nathamuni, ndipo kufikira lero ziimbidwa m'nyumba zopembedzera monga ya ku Srirangam, kumene zilemekezedwa pamodzi ndi Veda.

Moto umenewu unayaka pang'onopang'ono kulowera kumpoto, ndipo kulikonse unafika unalankhula chinenero cha komweko. M'chaka cha 1290 Jnaneshwar analemba matanthauzo a Gita m'Chimarathi, kuti anthu wamba amve. Ku Varanasi, m'zaka za m'ma 1400, Kabir, munthu woomba nsalu, anaimba za Mulungu wopanda chifaniziro, nadzudzula Ahindu ndi Asilamu omwe pa miyambo ya kunja kokha. Ravidas anali wa gulu lofufuta zikopa, limene anthu anakana ngakhale kulikhudza. Mirabai, mwana wa banja lachifumu ku Rajasthan, anasiya ulemu wa kunyumba ya mfumu chifukwa cha Krishna. Chaitanya, wobadwa mu 1486 ku Bengal, anatulutsa kuimba m'nyumba nakutengera m'misewu. Mu 1574 Tulsidas anayamba kulemba nkhani ya Rama m'Chiawadhi, ndipo m'zaka za m'ma 1600 Tukaram anapeka nyimbo zimene aulendo wopatulika aimbabe popita ku Pandharpur chaka ndi chaka. Motero zinenero zimene zinayesedwa zosayenera kunyamula zinthu zopatulika zinasanduka zinenero za mabuku.

Pakati pa otsata njirayi panalinso mikangano. Otsatira a mphunzitsi Ramanuja, amene anakhalako m'zaka za m'ma 1000 ndi 1100, anagawikana pambuyo pake pa funso ili: kodi munthu apulumuka ndi khama lake, kapena ndi chisomo chokha? Mbali imodzi inapereka chitsanzo cha mwana wa pusi, amene agwiritsa make ndi manja ake pamene make alumpha m'mitengo, akataya, wagwa. Mbali ina inapereka chitsanzo cha mwana wa mphaka, amene make amnyamula pakamwa, iye osachita kanthu koma kungodzileka. Onse avomera kuti wonyamula ndiye mayi. Asiyana pa ntchito ya mwanayo.

Tiyeneranso kunena moona kuti nyimbo sizinagwetse malinga onse. Alakatuli anaphunzitsa kuti pamaso pa Mulungu palibe wamkulu ndi wamng'ono, koma magulu obadwa nawo anakhalabe, ndipo zidzukulu za anthu onyozeka aja zinaletsedwabe kulowa m'nyumba zambiri zopembedzera kufikira zaka za m'ma 1900. Malamulo aakulu a dziko la India, amene anayamba kugwira ntchito mu 1950, ndiwo anathetsa mwalamulo mwambo woyesa anthu ena osakhudzika. Komabe omenyera ufulu wa anthuwo ambiri anapeza mphamvu m'mawu a Kabir ndi Ravidas.

Njirayi inaolokanso nyanja. Mu 1966 Bhaktivedanta Swami Prabhupada anakhazikitsa ku New York gulu lotchuka ndi dzina la Hare Krishna, lotsata chiphunzitso cha Chaitanya, ndipo lafalikira m'maiko ambiri. Tsono mphunzitsi akafunsidwa ndi ana ake kuti yoga nchiyani, asangoloza kwa munthu wopinda miyendo. Awauzenso za woomba nsalu wa ku Varanasi ndi wofufuta zikopa uja, amene analimba mtima kulankhula ndi Mulungu m'chinenero chimene anayamwira.