Pikapu ikayamba kulira kunsi, mvetserani isanakusiyeni panjira ndi wodwala

Ngati mumakhala ku Nkhamanga, mukudziwa kuti mwana akatentha thupi usiku, kapena mayi woyembekezera matenda akamuyamba, ambulansi sikhala pafupi nthawi zonse. Mumakagogoda kwa mnansi wa pikapu yakale, Hilux yomwe ija imatuta fodya, kuti akuthamangitsireni ku Bolero kapena kuchipatala chachikulu pa boma la Rumphi. M'dzinja misewu ya ku Mwazisi ndi ku Hewe imaterera, ndipo galimotoyo imadalira folo wilo, kuti matayala onse anayi azikoka. Choncho phokoso limene mumalimva kunsi kwake likukukhudzani inunso, ngakhale galimotoyo si yanu.

Chachikulu ndi kuzindikira nthawi imene phokosolo limabwera.

Mukamva "ta-ta-ta" kutsogolo pokhota, folo wilo ili yolowetsa, ganizirani za CV joint, cholumikizira chimene chimapititsa mphamvu ku tayala lakutsogolo. Pa Hilux zambiri chimakutidwa ndi labala lodzaza girizi. Labalalo likang'ambika, girizi amatuluka, fumbi ndi matope n'kulowa, zitsulo n'kuyamba kudyana. Mukaliona msanga, mumangosintha labala ndi girizi. Likayamba kulira, mugula chitsulo chonse.

"Gu!" wa ponyamuka kapena posintha giya kawirikawiri amachokera ku kolosi ya pulopela. Zimitsani injini pamalo osatsetsereka, tsekerani matayala ndi miyala, ndipo gwedezani pulopela ndi dzanja. Ikamaseweraseweretsa pa kolosi, pitani kwa makaniko sabata yomweyo, chifukwa ikaduka mukuyenda imatha kubaya pansi n'kugubuduza galimoto. Ndipo chonde, musalowe kunsi kwa galimoto imene yangokhala pa jeke yokha.

Kung'ung'uza kokula ndi liwiro ndi beyaring'i ya tayala. Kulira kosalekeza kochokera mu difu kumafuna kuti muone oyilo. Akamaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi analowa powoloka mtsinje, ndipo ayenera kukhetsedwa onse.

Koma phokoso lina madalaivala amaliyambitsa okha. Pokhota, matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo. Folo wilo ya mapikapu akalewa imamangirira kutsogolo ndi kumbuyo pamodzi, kuti ziziyenda mofanana. M'matope palibe vuto, popeza tayala limaterera pang'ono n'kumasuka. Pa phula kapena pamsewu wouma gwa, tayala silitha kuterera, ndiye zitsulo zimapotana: chiwongolero chimauma, matayala amakwekwesa, galimoto imadumphadumpha, giya ya folo wilo n'kukana kutuluka. Apa musaikakamize ndi mphamvu. Bwererani m'mbuyo mamita ochepa molunjika, imasuka yokha. Mukangotuluka m'matope, bwezerani ku 2H. Matayala osiyana kukula amabweretsanso vuto lomweli, ndipo nthawi ya kaunjika wa matayala ino, ambiri akuyenda ndi anayi osiyana.

Onaninso mahabu a matayala akutsogolo, aja olembedwa LOCK ndi FREE. Onse awiri aziloza mawu amodzi, ndipo apotozedwe mpaka kumapeto. Habu yolowa theka imakukuta ngati chigayo.

Inu mavolontiya a zaumoyo, pamene mukulemba mayina a amayi oyembekezera m'mudzi, funsaninso mwini galimoto imene mumadalira ngati anapopera girizi ndi kuona oyilo wa difu mvula isanayambe. Mayi amene masiku ake ayandikira mulimbikitseni kukadikirira kuchipatala, asadalire ulendo wausiku m'matope.

Nanga phokoso likayamba wodwala ali kale m'galimoto? Likamachokera ku CV joint, ikani 2H, mahabu onse pa FREE, ndipo yendani pang'onopang'ono ngati msewu ukulola. Koma tayala likamagwedera, habu ikatentha moti dzanja silikhalapo, kapena galimoto yonse ikamanjenjemera, imani pambali ndipo imbani foni kuti galimoto ina idzatenge wodwalayo.