Khutba ya Lachisanu ku Mitundu: Utsi wa m'nyumba ndi chibayo cha ana

Kuyamikidwa kukhale kwa Allah (Subhaanahu wa Ta'ala), ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad (SAW).

Abale ndi alongo m'Chisilamu, ana ndi amaana, chuma chimene Allah watisungitsa, ndipo tidzafunsidwa za iwo pa Tsiku la Kiyama. Lero tikambe za chibayo, matenda a m'mapapo amene, malinga ndi bungwe la WHO, anapha ana osakwana zaka zisanu oposa 740,000 pa dziko lonse mu 2019.

Chimodzi mwa zokokera matendawa kwa ana athu ndi utsi. Mayi akamaphika pa mafuwa m'khitchini yopanda mawindo, mwana ali kumsana, utsi umalowa m'mapapo ake anthete ndi kufooketsa chitetezo chake, motero tizilombo timapeza polowera. Mu June ndi July kukazizira, timalowetsa mbaula ya makala kuchipinda n'kutseka ponseponse. Kuno ku Mitundu ndi ku Nathenje tikuwonjezerapo fumbi la fodya amene timasankhira ndi kusungira m'nyumba zogona. Abale athu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, utsi wowambira nsomba nawonso ndi womwewo. Bambo wosuta m'nyumba adziwe kuti mwana akusuta naye limodzi, pamene Chisilamu chimaletsa kudzipweteka ndi kupweteka ena.

Ena amati mbaula zamakono zatha vutoli. Zimapulumutsadi nkhuni, koma kafukufuku amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga pa ana oposa 10,000, yemwe zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2017, anapeza kuti mbaula zochepetsa utsi pazokha sizinachepetse chibayo. Choncho mwana atalikirane ndi moto. Tiphikire panja kapena pamalo popita mphepo, ndi nkhuni zouma. Nthawi yophika, bambo amunyamule mwanayo, pakuti Mtumiki (SAW) ankathandiza ntchito za pakhomo pake.

Khanda liyamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba, ndipo lipitirize kuyamwa kufikira zaka ziwiri, monga ikuphunzitsira Surah Al-Baqarah, ndime 233. Katemera wa chibayo anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2011, tisaphonye sikelo.

Tizindikirenso zizindikiro. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi imodzi, wa chaka chimodzi mpaka zisanu ka 40, m'munsi mwa nthiti mukamalowa m'kati popuma, kapena akakana kuyamwa, tithamangire naye kuchipatala cha Mitundu, cha Nathenje, kapena chilichonse chapafupi tsiku lomwelo. Mayi asadikire bambo kuti abwere kumsika kapena kunyanja. Dua tichite tili m'njira, chifukwa kuyadzamira mwa Allah kumayendera limodzi ndi kufuna mankhwala.

Allah atetezere ana athu, achize odwala, ndipo atikhululukire pamene tanyozera amaana Yake. Aameen.