KUSANKHA NSALU YOBEREKERA MWANA

Kale makolo athu ankabereka ana m'chikopa chofewa chimene ankachitcha mbereko. Lero mbereko yathu ndi chitenje, ndipo chitenje chabwino chimaposa zoberekera zambiri za malamba zimene mumaziona pa kaunjika. Koma si chitenje chilichonse chimene chimayenera mwana.

Sankhani cha thonje, chotalika mamita 2. Kuno ku Chembe dzuwa la Okutobala ndi Novembala limaotcha kwambiri, ndipo mchenga wa m'mbali mwa nyanja umaonjezera kutenthako. Nsalu yoterera ya nayiloni siimwa thukuta. Mwana amatuluka timatuza m'khosi ndi m'mphechepeche, komanso mfundo yake imamasuka yokha inu mukusenza dengu la usipa. Chitenje chatsopano chichapeni kaye kuti chifewe. Chakale chitambasuleni padzuwa: ngati kuwala kukudutsa pakati, pamene pamakhala matako a mwana, chatha ntchito, chisandutseni thewera.

Nsalu yabwino nayo ingathe kupha ngati yamangidwa molakwika. Khosi la mwana wosakwana miyezi 4 silinalimbe. Choncho nsalu imugwire mpaka kuseri kwa makutu, mutu utatembenukira kumbali, mphuno ndi kamwa zili poyera. Chibwano chisagwere pachifuwa chake, pakuti njira ya mpweya imapinika. Khanda likamabanika nthawi zambiri sililira. Limangoti zii, mayi n'kumayesa kuti lagona. Muzipapasa nkhope yake kawirikawiri, ndipo musamufunditse nsalu yachiwiri kumutu, ngakhale m'miyezi ya mphepo ya mwera. Chipewa n'chokwanira.

Miyendo ikhale yotangadza ngati ya chule, mawondo atakwera pang'ono kuposa matako. Kakhalidwe kameneka kamathandiza mafupa a m'chiuno kukula bwino, ndipo apa agogo athu sanalakwitse. Ngati mwapatsidwa choberekera cha malamba, onani pokhalira pake. Pakakhala popapatiza, miyendo n'kumalendewera, chisiyeni. Yesaninso zomangira ndi misoko yake pozikoka mwamphamvu.

Mwana wobadwa masiku asanakwane, kapena wosafika makilogalamu 2.5, asaberekedwe kumbuyo. Amamangidwa pachifuwa, pakati pa mabere, khungu lake litagundana ndi la mayi, atavala thewera ndi chipewa. Njira imeneyi, yotchedwa kangaru, inayamba ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo chipatala chachikulu cha Zomba chinayamba kuitsata mu 1999. Bambo kapena agogo angathenso kumunyamula chotere pamene mayi akusamba.

Pomaliza, pali ntchito zosayenera kugwira mwana ali kumbuyo. Utsi wowambira nsomba umene inu mwauzolowera umalowa m'mapapo ake aang'ono, ndipo umaitana chifuwa ndi chibayo. Musiyireni munthu wamkulu, osati kamtsikana kamene kangapunthwe naye pamiyala. Pobwera kusikelo mwezi wamawa, bwerani ndi nsalu imene mumaberekera tsiku ndi tsiku kuti anamwino aone kamangidwe kanu.