Mawailesi a m'galimoto: zoyenera kuona wamalonda asanatulutse mpamba

Magalimoto ambiri amene akuyenda m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu anagwirapo kale ntchito ku Japan. Ma Sienta, ma Probox, ma Vitz, ma Passo ndi ma Hiace amafika ndi wailesi yake, yooneka bwino ndithu, koma mwini wake akangoiyatsa amapeza kuti ikugwira masiteshoni awiri kapena atatu basi. Wailesiyo siyowonongeka. Ku Japan FM imayambira pa 76 kulekeza pa 90 MHz, ndipo mawailesi atsopanoko amafika pa 95, pomwe kuno nyumba zoulutsira mawu zili pakati pa 87.5 ndi 108. Malo amene mbali ziwirizi zimakumana ndi ochepa kwambiri. Msika wonse wa mawailesi a m'galimoto waima pamenepa, ndipo wamalonda amene wamvetsa nkhaniyi sagulitsa mongoganizira.

Kasitomala wotere angathandizidwe m'njira ziwiri. Yotchipa ndi kakabokosi kotchedwa band expander, kamene kamalumikizidwa pakati pa eriyo ndi wailesi, n'kupatsidwa moto wa 12V. Ntchito yake ndi kutsitsa manambala a masiteshoni kuti alowe m'malire a wailesi ya ku Japan. Kamene kamatsitsa ndi 14, mwachitsanzo, kamachititsa siteshoni ya pa 100 kuoneka pa 86. Kamagwira kuyambira 90 mpaka 104, ndiye kuti zonse za pamwamba pa 104 zimatsalabe kunja, ndipo nthawi zina masiteshoni awiri amagwera pamalo amodzi n'kumalimbana. Wogulitsa azinena zimenezi poyera, apo ayi kasitomala abwerera mawa lake akunena kuti wapatsidwa chinthu chakufa. Ndi katundu woyenda msanga, wosadya mpamba wambiri, woyenera kukhala pa benchi nthawi zonse.

Njira inayo ndi kuchotsa wailesi yonse n'kuikapo ina. Kwa ambiri imeneyi ndiyo yanzeru, chifukwa mavuto a wailesi ya ku Japan sathera pa FM. Zolemba zake zili m'Chijapanizi, mapu ake ndi a misewu ya ku Japan, ndipo TV yake imagwiritsa ntchito njira ina yosiyana ndi ya kuno, kotero siionetsa kanthu. Ena mwa mawailesi amenewa amadalira kakhadi ka SD kamene kanabwera nawo, ndipo batire ikangochotsedwa khadilo palibe, wailesi imadzitseka osayakanso bwino. N'chifukwa chake wopikula mawailesi akale ochotsedwa m'magalimoto azisamala ndi mayina monga Carrozzeria, Strada ndi Eclipse. Carrozzeria ndi Pioneer yeniyeni, Strada ndi Panasonic, koma zinapangidwira msika wa ku Japan. Kumugulitsa munthu imodzi mwa izi pofuna kuthetsa vuto la FM ndi kumubwezera vuto lomwelo m'katoni ina. Enanso opangidwira ku America amadumpha manambala posaka siteshoni, kuchoka pa 88.1 kupita pa 88.3, ndipo si onse amene amalola kusintha zimenezi.

Funso loyamba kwa kasitomala lisakhale la ndalama zimene ali nazo, koma la galimoto yake. Bowo la pa dashibodi lili ndi miyeso yodziwika. Single DIN ndi mamilimita 180 m'lifupi ndi 50 m'mwamba, double DIN ndi 180 kwa 100. Koma magalimoto ambiri a Toyota ndi Daihatsu ali ndi bowo lotambalala la mamilimita 200, ndiye wailesi ya 180 ikalowamo imasiya mipata mbali zonse ziwiri. Pamafunika timapulasitiki totsekera m'mbali, kapena wailesi yopangidwira bowo la 200 lomwelo. Magalimoto ena wailesi yake inaumbidwa pamodzi ndi dashibodi, ndipo pamafunika chimango chonse chatsopano. Tizinthu timeneti anthu amatipeputsa, komatu phindu lake pa chimodzi nthawi zina limaposa la wailesi, poti kasitomala sangachoke popanda ito.

Nkhani ya mawati ndiyo imene yanamiza anthu ambiri, ogula ndi ogulitsa omwe. Pa katoni pamalembedwa 50W x 4, pena 60W x 4, ndipo makatoni ena opanda dzina amafika polemba 1000W ndi zilembo zikuluzikulu. Nambala yotere ndi ya mphamvu imene wailesi ingatulutse kwa kamphindi kochepa, mawu atayamba kale kusweka. Nambala yoona ndi ya RMS, imene wailesi imatulutsa mosalekeza mawu ali oyera. Pa mawailesi wamba a makampani odziwika monga Pioneer, Kenwood, JVC, Sony ndi Alpine, nambala imeneyi imakhala pakati pa mawati 14 ndi 22 pa sipika iliyonse, ngakhale katoni itanena 50. Pali njira yachidule yogwirira bodza. Kumbuyo kwa wailesi kuli fyuzi, nthawi zambiri ya 10A. Injini ikamalira moto wa galimoto umakhala pafupifupi 14.4V, ndipo 10 kuchulukitsa ndi 14.4 ndi 144. Wailesi yonse singakoke mawati oposa pamenepo fyuzi osaduka, ndipo gawo lina la mphamvuyo limangosanduka kutentha. Tsono 1000W ija ichokera kuti? Wamalonda amene angamuonetse kasitomala masamu awa pa benchi amakhala wapeza munthu wobweranso ndi anzake.

Madalaivala a minibasi ndi a ma Sienta onyamula anthu amafuna phokoso lofika mpando wakumbuyo, ndipo apa ndi pamene mawailesi ambiri amapsera. Wailesi wamba inapangidwira masipika anayi a 4 ohms. Munthu akalumikiza masipika awiri pa waya umodzi mbali ndi mbali, 4 ija imatsika kufika pa 2, wailesi imakoka moto wambiri, imatentha, kenaka zii. Ikabwera pa benchi, mwini wake amati inali feki. Wofuna masipika ambiri kapena chisipika cha besi amafunika amplifaya, ndipo wailesi yoti amugulitse ikhale ndi mabowo a RCA kumbuyo, aja ofiira ndi oyera. Ena ali ndi awiri okha, ena anayi kapena asanu ndi limodzi, ndipo mtengo umakwera motsatira. Wa taxi amene akungofuna nkhani, mpira ndi nyimbo za pa foni sakufunika kulipira mabowo amene sadzawagwiritsa ntchito.

Malole ndi nkhani ina. Fuso Fighter, Hino Ranger, komanso ma Canter ndi ma Isuzu Elf ambiri amayendera 24V, pomwe mawailesi ambiri a pamsika ndi a 12V. Kulumikiza mwachindunji ndi kuiwotcha pomwepo. Pamafunika kachipangizo kotsitsa moto kuchoka pa 24 kufika pa 12, kapena wailesi yolembedwa 24V. Amisiri ena amatenga moto pa batire imodzi mwa ziwirizo. Imayaka ndithu, koma mabatire amayamba kutha mosiyana, ndipo mwini lole amadzagula mabatire nthawi isanakwane.

Mawaya a kumbuyo kwa wailesi yogula padera ali ndi mitundu yofanana pafupifupi pa makampani onse, ndipo wogulitsa ayenera kuidziwa pamtima. Wachikasu umatenga moto wa batire nthawi zonse, ndiwo umasunga nthawi ndi masiteshoni. Wofiira umalandira moto pokhapokha kiyi akatembenuzidwa. Wakuda umapita ku chitsulo cha galimoto. Wabuluu wa mzere woyera umayatsa amplifaya. Oyera ndi otuwa ndi a masipika akutsogolo, obiriwira ndi apepo ndi akumbuyo. Wofiira ndi wachikasu akasinthanitsidwa, wailesi imaiwala zonse galimoto ikangozimitsidwa. Onse awiri akamangidwa pa moto wa batire, wailesi imatha kudya batire galimoto ili chiimire, m'mawa n'kumakankha. Mitundu ya mawaya a galimoto yeniyeniyo ndi ina, kampani iliyonse ili ndi yake, n'chifukwa chake kudula pulagi ya galimoto ndi kulakwitsa kwakukulu. Pali mapulagi olumikizira okonzeka kale. Ya Toyota yambiri ndi ya mapini 10 ndi 6, ndipo imakwananso pa ma Daihatsu ambiri. Wogulitsa wailesi popanda pulagi yotere wagulitsa theka la katundu, theka linalo akadyera wa benchi yoyandikana nayo.

Mawailesi a CD akutha msika. M'misewu ya fumbi ndi mabampu CD imadumpha, diso lake limada, ndipo anthu nyimbo ali nazo pa foni ndi pa fulashi. Opanda CD ndi otchipa, ndi aafupi kumbuyo kotero amalowa mosavuta, ndipo mulibe choyenda choti chiwonongeke. Chofunika ndi Bluetooth, USB ndi bowo la AUX. Ambiri amawerenga fulashi ya FAT32 yokha, ndiye fulashi ikakana, iyambe yaonedwa iyoyo wailesi isanaweruzidwe.

Amene akukopa maso masiku ano ndi a sikirini yaikulu oyendera Android. Amagulika, ndipo phindu lake ndi labwino, koma ndi katundu wobwezedwa kwambiri. Ambiri alibe dzina la kampani yoti munthu n'kuidandaulira. Ya RAM ya 1GB imachedwa mpaka kutopetsa, 2GB ndiye poyambira, ndipo ena otchipa amanama pa sikirini pomwe za kukula kwa RAM ndi mtundu wa Android umene uli m'kati. Wopikula ayambe watenga ochepa, aone mmene akuchitira pa dzuwa la October ali pa dashibodi, asanathire mpamba wonse. Asasokonezenso wailesi ya Android ndi Android Auto kapena Apple CarPlay. Ziwiri zomalizazi zimangoonetsa za pa foni pa sikirini ya galimoto, ndipo kasitomala amene wafunsa CarPlay afunika kuiyesa ndi foni yake asanalipire. Mabatani a pa chiwongolero ndi kamera yobwerera m'mbuyo sizigwira zokha pa wailesi yatsopano. Makamera ambiri obwera ndi Toyota amayendera 6V, ndipo kuwapatsa 12V mwachindunji ndi kuwapha.

Mitengo ya katundu ameneyu imatsatira dola, poti yense ndi wochokera kunja, kaya ku China, Dubai, Dar es Salaam kapena Johannesburg. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, amene anagulitsa pa mtengo wakale anapeza kuti ndalama za mawailesi atatu sizikukwananso kuoda atatu ena. Mtengo wogulitsira uziwerengedwa kuchokera pa mtengo woodera lero, osati wa tsiku limene katoniyo inafika. Ndipo Pioneer kapena Sony imene ikuperekedwa pa theka la mtengo wa anzake ndi yokayikitsa. Zabodza zimapepuka m'manja, zilembo za pa katoni zimakhala zofufuma, ndipo nambala ya pa katoni siifanana ndi ya pa wailesi.

Benchi yogulitsira mawailesi imafunika batire ya galimoto, masipika awiri a 4 ohms, kachidutswa ka eriyo ndi fulashi ya nyimbo. Wailesi iliyonse iyatsidwe kasitomala akuona, asake yekha siteshoni ya pamwamba pa 100, alumikize foni yake, ndipo mawaya a masipika onse anayi ayesedwe awiriawiri. Pa lisiti palembedwe nambala ya wailesiyo, tsiku, masiku a chitsimikizo, ndi mawu akuti yopsa chifukwa cha kulumikiza molakwika kapena yoikidwa waya m'malo mwa fyuzi siibwezedwa.