Chete wa amonke a ku Mapanga

Ukanyamuka ku Mandala, kudutsa pa Ginnery Corner ndi ku Chichiri, n'kukwera minibasi ya ku Zomba pa Limbe, suchedwa kufika ku Mapanga. Kumeneko kuli nyumba za madenga opindika m'mbali, ndipo ana amasiye amadzuka kusanache kukachita mapemphero a Chibuda, kenako kuphunzira Chitchaina ndi kung fu. Malowa ndi a Amitofo Care Centre, omwe anayambitsa mmonke wa ku Taiwan, Hui Li, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000.

Amonke a kumeneku amadyetsa, kuveka ndi kuphunzitsa ana. Koma za ndale, pakamwa pawo mpotseka. Pa mndandanda wa mamembala a Public Affairs Committee, bungwe la azipembedzo lomwe limalankhulapo pa za ndale, pali Akatolika, mipingo ina ya Chikhristu ndi Asilamu, Abuda palibe.

Kwa Mmalawi izi zimadabwitsa, poti ife tinazolowera kuti wa kolala amadzudzula boma. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo mu Meyi anthu ogwira ntchito ku David Whitehead mu Blantyre muno ananyanyala, mzinda n'kutekeseka. Pa 14 Juni 1993 anthu anavotera zipani zambiri.

Ndiye kodi Chibuda chimaletsa ndale? Ayi ndithu. Mu Seputembala 2007 amonke zikwizikwi anaguba m'misewu ya Yangon ku Myanmar boma la asilikali litakweza mtengo wa mafuta. Chida chawo chinali mbale yolandirira zakudya: anaivundikira, kukana mphatso za akuluakulu a asilikali. M'dziko lomwe munthu amakhulupirira kuti madalitso amabwera popatsa mmonke chakudya, kukanidwa kotereku kunali ngati kuchotsedwa mumpingo. Boma linayankha ndi zibonga ndi mfuti. Ku Saigon, pa 11 Juni 1963, mmonke Thich Quang Duc anadziwotcha pamsewu potsutsa nkhanza za boma la Ngo Dinh Diem, lomwe linagwa chaka chomwecho. Ndipo B. R. Ambedkar, yemwe anatsogolera kulemba malamulo oyendetsera dziko la India, analowa Chibuda ku Nagpur mu 1956 limodzi ndi khwimbi la anthu onyozedwa chifukwa cha mtundu wawo.

Sikuti mkanjo wa mmonke umayeretsa chilichonse chotuluka pakamwa pake. Ku Myanmar komweko mmonke Wirathu anatchuka ndi maulaliki odana ndi Asilamu, ndipo chidani chotere chinathandiza kukonza njira ya nkhanza zomwe zinagwera Asilamu a mtundu wa Rohingya mu 2017.

Chete wa ku Mapanga, mmene ndikuonera, ngwa mlendo. Amene anakhalako mu 1992 akukumbukira kuti mwa osaina kalata ija, Monsinyo John Roche wa ku Ireland, yemwe amatsogolera dayosizi ya Mzuzu, ndiye anapitikitsidwa m'dziko. Pali chinanso. Boma la Bingu wa Mutharika linathetsa ubale ndi Taiwan n'kukumbatira China, nkhani yomwe inalengezedwa mu Januwale 2008. Kazembe ananyamuka, madotolo a ku Taiwan pa chipatala chachikulu cha Mzuzu nawonso analongedza. Amitofo inatsala, yopanda ofesi ya kazembe yoitchinjiriza, ili ndi ana oti adye mawa.

Mafunso ovuta anabwera ndi filimu ya Nicole Schafer ya 2019, Buddha in Africa, yomwe inaonetsa mnyamata wokulira pamalowa akukokedwa uku ndi uku: mayina, chakudya ndi chipembedzo za ku Asia, achibale ake ali kumudzi. Ana oyamba a pamalowa tsopano ndi akuluakulu, ndipo mosiyana ndi amonke omwe anawalera, iwo ndi nzika zokhala ndi ufulu wovota.